Ufa m'Bokosi la Mavoti

Bokosilo linafika ku labotale ya apolisi litakulungidwa m'mapulasitiki ochindikala, ndipo amene analinyamula anali atadziphimba thupi lonse, maso okha akuoneka kuseri kwa galasi. Linali bokosi lamalata lobiriwira, la kabowo kopyapyala pamwamba koponyerapo mavoti. Tsiku limenelo ogwira ntchito pa fakitale yosoka maovolosi ankasankha wapampando wa bungwe lawo. Atalitsegula m'kantini kuti awerenge, munthu woyamba kupisamo manja anatulutsa mapepala pamodzi ndi kamtambo ka ufa wotuwa. Anthu anakankhana pakhomo, wina anathyoka mwendo podumpha pazenera, ndipo fakitale inatsekedwa.

Mlanduwo unapatsidwa kwa Sajeni, mayi wa zaka zapakati amene sankathamanga poyenda ngakhale poganiza. Wopima zinthu ku labotaleko anali mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, munthu wowonda amene anzake ankamutcha Magalasi.

"Imani kunja kwa galasi, alamu," iye anatero. "Mukafera muno, mkazi wanga ayamba ndi ine."

Anapisa manja m'magolovesi aatali omatidwa ku kabati yagalasi momwe anaikamo bokosilo. Ankalankhula osatembenuka. Anati maufa ambiri obwera kwa iye amakhala ongoopseza: ufa wa buledi, choko, paudala wa makanda. Wina anatumizira bwana wake mkaka waufa m'kapaketi, mwina pofuna kuti anenepe. Anatapa ufawo ndi nsonga ya kachitsulo n'kuupanikiza pa kagalasi ka makina a infuraredi, amene analinso m'kabatimo. Makinawo amawomba chinthu ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo chinthu chilichonse chimameza kuwalako mwa njira yakeyake. Zimene chameza zimatuluka pa kompyuta ngati mzere wa mapiri ndi zigwa. Ufa wa buledi uli ndi mzere wake, paudala ali ndi wake, ndipo Magalasi ankaidziwa mizereyo ngati nkhope za ana ake.

Mzere utatuluka, nthabwala zinatha. Analoza zigwa zakuya cha kumapeto n'kunena kuti limenelo ndi dongo loyera, lopanda vuto. Kenako analoza tizigwa tiwiri toyandikana cha pakati. Timeneto timaoneka pamene muli chinthu chamoyo kapena chochokera ku chamoyo. Mkaka nawo umakhala nato, koma mkaka umabwera ndi mafuta ndi shuga, ndipo pamzerewo panalibe mafuta kapena shuga.

Anasakaniza kaufako ndi dontho la madzi pa kagalasi n'kukaika pansi pa maikulosikopu. Pa kompyuta panatuluka tinthu tambirimbiri tonga njere za mpunga, tonyezimira, tosasuntha. Magalasi anati tizilombo tina tikasowa chakudya timadzitsekera m'kachikopa kolimba n'kugona, ngakhale zaka zambiri, mpaka titalowa m'mapapo a munthu kapena nyama.

"Ndi antiraksi?" anafunsa Sajeni. Ankadziwa kuti ndi matenda amene amapha ng'ombe ndi anthu omwe.

"Ndi a pabanja pake. Makinawa andiuza banja, sanandiuze dzina. Nditibzala m'mbale, mawa tione chimene chimere."

Sajeni asanachoke anamupempha kuti anyamule mapepalawo pang'onopang'ono, osawagwedeza, mpaka pansi pa bokosi. Apamwamba anali otuwa ndi ufa. Apakati anali nawo wochepa m'mphepete. Apansi anali oyera ngati angochoka kosindikiza.

Bwana wa Sajeni sanadikire za mawa. Atangomva kuti muli tizilombo, anatuma galimoto kukatenga mmodzi mwa opikisana pachisankhocho, mayi wosoka makolala amene pafakitale ankamutcha Singano chifukwa cha pakamwa pake. Panali mboni imene inamuona akuponya pepala lotupa, lopindidwa kambirimbiri, lomwe linavuta kulowa pakabowo. Mlandu wofuna kupha khamu la anthu ndi tizilombo ulibe belo, ndipo wopezeka wolakwa amalowa ndende ndi tsitsi lakuda n'kutuluka ndi imvi. Nawo a zaumoyo analamula kuti bokosi ndi zonse zili m'katimo ziwotchedwe madzulo a tsiku lotsatira, pokhapokha labotale itasayinira kuti ufawo ndi wosaopsa.

M'mawa mwake Sajeni anayambira kuchitokosi. Singano anali mayi wamfupi, wa zala zokhakhala, ndipo anali atakhala pabenchi mowongoka ngati akudikira basi. Anayamba wafunsa ngati mchemwali wake anakatenga ana kusukulu. Atamva kuti anatero, anafunsa za bokosi. Sajeni anamuuza kuti likhoza kuwotchedwa madzulo omwewo. Za pepala lotupa sanakane. Anati mapepala ovotera ndi opyapyala, ndipo anyamata a Apampando, mkulu amene ankapikisana naye, amaima chakuzenera, pomwe kuwala kumaonetsa pamene munthu wachonga. Iye anapinda lake mpaka linakhala ngati kabatani, ndipo anauzanso anzake kuti azitero.

"Ndiwotchetse mavoti anga omwe? Asajeni, mwano ndili nawo, ndikuvomera. Koma uchitsiru ndinausiyira ena."

Sajeni anafunsa kuti anavota nthawi yanji. Singano anati ndiye anali woyamba, belu lolowera lisanalire, bokosi atangolionetsa kwa anthu kuti ndi lopanda kanthu. Anamva ndi makutu ake pepala lake likugunda malata apansi.

Sajeni anapita nazo kwa bwana wake. Ngati mayiyu anavota koyamba, pepala lake lili pansi, ndipo pansi palibe ufa. Bwana anali akumwa tiyi. Anati bokosi linanyamulidwa, linagwedezeka, ufa umayenda. Woweruza sangamasule munthu chifukwa cha mmene mapepala anagonera. Anamupatsa mpaka nthawi yowotcha.

Ku fakitale, kantini ndi chipinda chosokera zinali zomatidwa ndi tepi yachikasu. Ogwira ntchito anali pamzere pafupi ndi geti, kudikira mapiritsi oteteza amene aliyense wa m'kantini anauzidwa kumwa. Mayi wophika m'kantinimo anali atakhala pa kreti, akudzipepesa mphepo ndi chivundikiro cha poto. Sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza za mafuta ake amene anatsala pamoto, za mwendo wa mnyamata wodumpha pazenera, za mphika wa nyemba umene ukuwola m'katimo pamene iwo akucheza panja. Ufawo sanauone bwino, chifukwa thukuta linali m'maso.

"Kutentha kwake, mwana wanga. Ine ndili pamoto, anthu adzaza, mafani zii. Ndinati kodi magetsi athima? Koma firiji ikulira."

Sajeni anafunsa ngati mafaniwo anazimitsidwa ufa utaoneka. Mayiyo anapukusa mutu. Anazimitsidwa bokosi lisanalowe n'komwe. Anawazimitsa ndi Chipewa, mkulu woona za chitetezo, uja amavala chipewa chachikasu cholimba ngakhale pomwa tiyi. Iye atadandaula, Chipewa anati mphepo iuluza mavoti. Mayiyo anaseka pofotokoza zimenezo. Zisankho zonse zimene anaziona m'kantinimo, anthu ankawerenga mafani akuzungulira, ndipo iye ndi amene ankabwereketsa makapu opsinjira milu ya mapepala. Dzulo makapuwo anali atawatsuka kale, ali pa thireyi, koma palibe anawapempha.

Chipinda cha chithandizo choyamba chinali pafupi ndi geti, ndipo chinali chotsegula. Munali bedi lopapatiza, kabati ya mabandeji, ndi tebulo la Chipewa pakona. Sajeni anapezamo amuna awiri. Wamkuluyo anali Apampando, wodula nsalu wa imvi mutu wonse, amene anatsogolera bungwelo kuyambira makina akadali opalasa ndi phazi. Wamng'onoyo anali Chipewa, amene anakwatira mwana wamkazi wa Apampando.

Apampando ankalankhula pang'onopang'ono, ngati ali pamsonkhano ndipo mlembi akulemba. Anati Singano ndi mwana wovuta, wawanyoza pagulu kangapo, koma iwo sanamuganizirepo za kupha. Akanapanda mkamwini wawo kuona pepala lotupalo ndi maso ake, iwo akanakana. Anati kuvota kutatha, bokosi linasungidwa m'chipinda chomwecho anthu akudya, chitseko chokhoma, monga amachitira zaka zonse. Kiyi anali ndi mkamwini.

Chipewa ankayankha mwadongosolo, chinthu chimodzi pambuyo pa chinzake. Ufa utatuluka, iye anatseka bokosi, analiphimba ndi nsalu yonyowa, analetsa anthu kusesa, anawalondolera kumpope kukasamba m'manja, kenako anaimba foni. A zaumoyo anamuyamikira. Za mafani anabwereza zomwezo: mapepala ndi opepuka. Sajeni anagwedeza mutu ngati wakhutira. Maso ake anali pa chithunzi cha m'felemu pamwamba pa tebulo: anthu pamzere atavala zoyera zophimba thupi lonse, zophimba kumaso zili m'manja, Chipewa ali pakati akumwetulira. Anafunsa kuti kunali kuti. Chipewa anati anali maphunziro a za ngozi zotere, amene anakachita pamodzi ndi ozimitsa moto, ndipo iye anakhoza bwino kuposa onse.

Nesi wa pafakitale anali pansi pa tenti, akugawa mapiritsi ndi makapu a madzi. Anali wachangu, wosakonda mafunso, ndipo ankayankha uku akuyang'ana m'kamwa mwa munthu aliyense ngati wamezadi. Anati onse a m'kantini amwa, ngakhale amene akudandaula kuti mapiritsiwo akuwapotokola m'mimba. Kenako anaima pang'ono, kapu ili m'manja. Onse kupatula mmodzi, mkazi wa Chipewa, wa kuchipinda chosita, amene ndi woyembekezera. Dzulo anali pamzere ngati anzake, piritsi lili kale pachikhatho, mwamuna wake anabwera n'kumugwira dzanja.

"Ndinamuuza kuti alipo ena oyenera amayi apakati, adokotala atumiza. Anati ayi, asamwe chilichonse, mwana angavulale. Ndinati bambo, mkazi wanu anali patebulo loyamba, ufa unamugwera pa diresi. Anangoti ali bwino."

"Iye mwini anamwa?"

"Anati akamwera kunyumba."

Foni ya Sajeni inalira. Anali Magalasi. Sananene zambiri. Anati abwere, ndipo asadye m'njira.

Ku labotale anamupeza atayala mbale zagalasi zokhala ndi phala lofiira la magazi, momwe anabzalamo tizilombo dzulo. Tinali titamera timagulu totuwa, ndipo kuzungulira gulu lililonse magazi anali atasungunuka, pakuoneka mbee. Magalasi anati antiraksi satero. Amamera n'kusiya magazi ali chikhalire. Ataona zimenezo anabwerera ku ufawo, anautsuka kuti dongo lichoke, anaudonthezera utoto, n'kuuikanso pansi pa maikulosikopu. Anatembenuzira kompyuta kwa Sajeni. Njere zija zinalipo, koma pambali pake panali tinthu tina ta nsonga ziwiri, tonga dayamondi wa pa makadi osewerera.

"Timiyala timeneti antiraksi alibe. Uyu ndi msuweni wake, wosauka, wa kumunda. Amapha mbozi pa kabichi. Munthu ukhoza kumuthira mu tiyi, ungangodandaula kukoma."

Anati chitsimikizo cha kukhoti chidzachokera ku labotale yaikulu, koma zimene waona n'zokwanira kuti asayine kuti bokosi lisawotchedwe. Sajeni anafunsa ngati ndiye kuti afunefune mlimi. Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta. Anati mwina. Koma mlimi wofuna kuopseza anthu angatape ufa wa buledi kukhitchini, ndipo makina a infuraredi akanaugwira nthawi yomweyo, kuwerenga n'kupitirira tsiku lomwelo. Amene anasankha uwu ankadziwa kuti pa makina ndi pa maikulosikopu umaoneka ngati weniweni, mpaka munthu atabzala m'mbale. Iye mwini ankaudziwa bwino ufawu pa chifukwa chimenecho: ndi umene amagwiritsa ntchito pophunzitsa ozimitsa moto ndi oona za chitetezo m'mafakitale.

"Mumawauza chifukwa chake?"

"Tsiku loyamba. Kuti asaope pougwira."

"Ndipo chinthu choyamba chimene mumawauza kuti achite ufa ukapezeka?"

"Kuzimitsa mafani," anatero Magalasi. Anamuyang'ana. "Alamu, nkhope imeneyo ndimaidziwa. Mng'ono wanu amaipanga akapeza risiti m'thumba mwanga."

Sajeni anaimbira a zaumoyo ali m'galimoto, kenako bwana wake. Atafika kufakitale, dzuwa linali litapendeka ndipo mzere wa mapiritsi unali utatha. Apampando ndi mkamwini wawo anali adakali m'chipinda chija. Sajeni anakhala pamphepete pa bedi, chikwama pamiyendo. Sanakweze mawu. Anawauza kuti ufawo ndi mankhwala a mbozi, palibe amene adwale, ndipo bokosi silipsa. Apampando anatulutsa mpweya wautali n'kuthokoza Mulungu.

Ndiye Sajeni anayala zimene anali nazo, mmene wosoka amayalira nsalu asanadule. Ufa unali pamwamba pa mavoti, choncho unalowa womaliza atavota kale. Nthawi imeneyo bokosi linali m'chipinda chino, chokhoma. Mafani anazimitsidwa ufa usanaoneke, ndi munthu amene anaphunzitsidwa kuti ufa ndi mafani sizikhalira pamodzi, ndipo manja ake anatsogola nthawi isanakwane. Ndipo pa anthu onse amene anali m'kantini, panali mwamuna mmodzi yekha amene ankaopa piritsi kuposa ufawo, pa mkazi wake ndi mwana wake wosabadwa.

"Pamenepo sindikukunenani," anatero Sajeni. "Mwamuna aliyense wodziwa zimene inu munkadziwa akanamugwira dzanja. Kungoti munali nokha wodziwa kuti ufawo sungamuvulaze."

Anawonjeza kuti mlamu wake akhoza kubwera ndi kathonje kudzapukuta tebulolo, madirowa ake, ndi m'mphepete mwa kabowo ka bokosi. Chipewa anavula chipewa chake, koyamba kuyambira m'mawa, n'kuchiika patebulo. Tsitsi linali lonyowa. Anati palibe chifukwa chovutitsa mlamuyo. Kachitini ka ufawo kali m'dirowa yapansi, kuseri kwa mabandeji, ndipo anakatenga kumaphunziro kuja.

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Ntchito ya chitetezo anamupezera ndi apongozi ake. Singano anali atalonjeza pagulu kuti akapambana adzaitana oyendera mafakitale kudzaona khomo lothawira moto, limene lakhala lotsekedwa ndi mabelo a nsalu iye akusayinira kuti ndi lotsegula. Iye anaima pafupi ndi mzere wa ovota m'mawa wonse, ndipo anaona amayi ambiri akupinda mapepala awo ngati timabatani. Ankangofuna kuti mavotiwo apse, chisankho chidzachitikenso mitima itazizira. Zoti Singano amangidwe sanazikonze.

Sajeni anamukumbutsa kuti mboni ya pepala lotupa inali iye. Chipewa anati anafunsidwa zimene anaona, ndipo anayankha. Sajeni anati ndi zoona, anafunsidwa. Ndipo usiku wonse mayiyo ali m'chitokosi, Chipewa foni anali nayo m'thumba koma sanaimbe.

Apampando anaika manja pa mawondo. Atalankhula, sanalankhule ngati pamsonkhano.

"Ndiye kuti inu, akamwini, munandiwerengera kale? Musanatsegule n'komwe?"

"Bambo, mzere wonse unali..."

"Mukanandisiya ndigwe ndekha. Ndikanadzuka, ndikanapita kukadula nsalu. Tsopano ndikamuuze chiyani mwana wanga?"

Sajeni anatenga kachitiniko ndi golovesi n'kukaika m'pulasitiki. Chipewa anatuluka patsogolo pake, wopanda unyolo, chipewa atachisiya patebulo.

Singano anatulutsidwa madzulo omwewo. Bwana anamuuza kuti panali kusamvetsetsana. Iye anati wamvetsa bwinobwino, ndipo anafunsa kuti bokosi libwera liti.

Linabwera patapita masiku, labotale yaikulu itatsimikiza ndipo Magalasi atajambula zithunzi zake n'kupukuta pepala lililonse ndi kaburashi osalifunyulula. Sajeni analipereka yekha m'kantini, imene inali itatsukidwa ndipo inkanunkha sopo. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, koma patebulo loyamba panatsala malo. Mwana wa Apampando sanabwere. Mayi wophika anafika ndi thireyi ya makapu n'kuiika pafupi ndi bokosi popanda womupempha.

Apampando anadzuka, anapita kukhoma, nayatsa mafani onse. Kenako anabwerera n'kukhala moyang'anizana ndi Singano. Wowerenga anapisa dzanja m'bokosi n'kutulutsa pepala loyamba. Linali lopindidwa ngati kabatani, ndipo linamutengera nthawi kulifunyulula.

"Werengani mokweza," anatero Apampando. "Makutu anga ndi akale."